MAU AKATULUKA SABWERERA: ANZERU, NGWAZI NDI MILUNGU YA M'MAHABHARATA

 M'phunziro lathu la lero tioloka nyanja yamcere kupita ku India, kukamva za nthano yaikulu ya Ahindu yochedwa Mahabharata. Aphunzitsi, ngati muli ndi mapu, aonetseni ana pamene pali mzinda wa Delhi ndi mitsinje iwiri ya Ganga ndi Yamuna, pakuti nkhani yathu ikuyenda m'cigwa cimeneco. Muzilembanso maina pabolodi pamene tikuwachula, cifukwa ndi acilendo pa lilime lathu.

Musaganize kuti tikukamba za anthu akutali okhaokha ai. Ahindu ena ndi anansi athu muno m'Zambia, makamaka m'Lusaka, m'Livingstone ndi m'matauni a ku Migodi, ndipo ana ao amamva nkhani zimenezi kwa agogo ao monga momwe inu mumamvera nthano madzulo. Koma kwa iwo Mahabharata si nthano yongocezera: ndi buku lopatulika la cipembedzo cao. Conco timvetsere mwaulemu.

Buku lake

Mahabharata ndi ndakatulo yolembedwa m'Sanskrit, cinenero cakale ca ku India. Ili ndi mavesi pafupifupi 100,000, ogawidwa m'mabuku 18. Akatswiri a mbiri amati inakula pang'onopang'ono m'kamwa mwa alakatuli ambiri, kuyambira ca m'ma 400 Kristu asanabadwe kufikira ca m'ma 400 Kristu atabadwa. Popeza alembi a m'madera osiyanasiyana anali kuonjezamo zao, mabuku olembedwa pamanja anafika posiyana kwambiri. M'caka ca 1919 akatswiri a ku Bhandarkar Oriental Research Institute, mumzinda wa Pune, anayamba kuyerekeza mabuku otere oposa 1,200 vesi ndi vesi, ndipo nchitoyo inatha mu 1966.

Mutu wa nkhani ndi mkangano wa ufumu pakati pa ana a mkulu ndi ana a mng'ono wake, umene unathera m'nkhondo ya masiku 18 pa Kurukshetra, kumpoto kwa Delhi, m'cigawo cimene lero cimachedwa Haryana. Tikumana ndi anthu a mitundu itatu. Oyamba ndi arishi, amuna anzeru okhala m'nkhalango, odzimana zakudya ndi zokoma za dziko kuti apemphere ndi kusinkhasinkha. Aciwiri ndi ngwazi za nkhondo. Acitatu ndi milungu, imene imatsika ndi kuyenda pakati pa anthu. Ndikupemphani kuti pomvetsera muyang'anire cinthu cimodzi. Pakati pa onsewa cida camphamvu koposa si uta kapena cibonga, koma mau. Dalitso, temberero, lumbiro, bodza, ngakhale kukhala cete kumene, ndizo zimayendetsa nkhani yonse.

Rishi ndi mlembi wake

Ahindu amati amene anapeka ndakatuloyi ndi rishi Vyasa, mwana wa rishi Parashara ndi Satyavati, mtsikana wa kwa asodzi, ndipo anabadwira pa cilumba ca mumtsinje wa Yamuna. Amasimba kuti ataimaliza m'mutu mwake anasowa mlembi, napempha Ganesha, mulungu wa mutu wa njobvu, amene Ahindu amampembedza poyamba nchito iliyonse. Ganesha anabvomera, koma anaika lamulo lakuti Vyasa alakatule kosalekeza, colembera cisaime. Vyasa naye anaika lake, lakuti Ganesha asalembe kanthu asanamvetse tanthauzo lake. Motero Vyasa akafuna kupuma anali kuponya vesi lobvuta, ndipo pamene mlembiyo anali kulisinkhasinkha, iye anali kukonza mavesi ena. Akatswiri a ku Pune aja anapeza kuti kankhani aka sikapezeka m'mabuku onse akale, nakaika pambali. Komabe Ahindu amakakonda, ndipo kali ndi phunziro la mwana wa sukulu aliyense: usalembe cimene sunamvetse.

Lumbiro la Bhishma

Mfumu Shantanu ya mzinda wa Hastinapura inali ndi mwana wamwamuna dzina lake Devavrata, amene mai wake anali Ganga, mulungu wamkazi wa mtsinje uja. Mnyamatayo ndiye anali kudzalowa ufumu. Koma pambuyo pake mfumuyo inakonda Satyavati, yemwe uja wa kwa asodzi, ndipo atate ake a mkaziyo anati sangampereke pokhapokha ana amene adzabereke ndiwo adzalowe ufumu. Poona cisoni ca atate ake, Devavrata anapita kwa msodziyo nalumbira zinthu ziwiri: kuti sadzakhala pampando wacifumu, ndiponso kuti sadzakwatira, kuopa kuti mwana wake angadzalimbirane ufumu ndi ana a Satyavati. Cifukwa ca lumbiro limeneli anachedwa Bhishma, ndiko kuti Woopsa, ndipo atate ake anamdalitsa kuti imfa sidzamtenga kufikira iye mwini ataifuna.

Linali lumbiro laulemu ndithu, koma taonani cimene linabala. Ana awiri a Satyavati anamwalira osasiya mwana. Satyavati mwini anadandaulira Bhishma kuti amasule lumbiro lake ndi kulowa ufumu, koma iye anakana. Pamenepo maiyo anaitana mwana wake woyamba, Vyasa, kuti autse mbumba ya malemuyo monga mwa mwambo wa masiku amenewo. Mwa akazi amasiye awiri munabadwa Dhritarashtra, wosaona cibadwire, ndi Pandu. Wacitatu, Vidura, anabadwa mwa mdzakazi, ndipo ndiye anakula ndi nzeru koposa. Conco mlakatuli wa nkhaniyi alinso gogo wa anthu amene akuwasimba. Ufumu unapita kwa Pandu, wamng'ono, cifukwa mkulu wake sanali kuona, ndipo apa mpamene panamera mbeu ya mkangano.

Temberero ndi dalitso

Tsiku lina Pandu ali kusaka analasa nswala ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, osadziwa kuti anali rishi Kindama ndi mkazi wake atadzisandutsa nyama. Pomwalira rishiyo anamtemberera kuti tsiku limene adzakhudze mkazi wake, iyenso adzafa. Pandu anasiyira mkulu wake ufumu napita kunkhalango ndi akazi ake awiri, Kunti ndi Madri, asanabereke mwana.

Koma mau a rishi wina anabwera kudzathandiza. Kunti ali mtsikana anatumikira moleza mtima mlendo wokwiya msanga, rishi Durvasa, ndipo iye anamphunzitsa mau opatulika oitanira mulungu aliyense kuti ampatse mwana. Ndi mau amenewo Kunti anabala Yudhishthira kwa Dharma, mulungu wa cilungamo. Bhima, wamphamvu uja, kwa Vayu, mulungu wa mphepo. Ndi Arjuna, katswiri wa uta, kwa Indra, mfumu ya milungu. Madri naye anabala mapasa, Nakula ndi Sahadeva, kwa milungu iwiri yochedwa Ashvin. Asanuwa ndiwo Apandava. Kunyumba ya Dhritarashtra nako, mkazi wake Gandhari, amene anadzimanga nsalu kumaso moyo wake wonse kuti asaone zimene mwamuna wake saona, anabala ana aamuna 100, ochedwa Akaurava. Wamkulu anali Duryodhana. M'cinenero cathu ana a mkulu ndi ana a mng'ono wake ndi abale enieni, conco dziwani kuti nkhondo ikubwerayi ndi ya pacibale.

Kunti anabisa cinthu cimodzi. Asanakwatiwe anayesa mau aja mwacibwana, naitana Surya, mulungu wa dzuwa, ndipo anabala mwana wobvala kale cobvala ca pacifuwa cosabooleka ndi ndolo zagolide. Poopa manyazi anamuika m'dengu nam'siya pamtsinje. Woyendetsa gareta wina ndi mkazi wake anamtola namlera. Mwanayo ndi Karna. Musamuiwale.

Pandu atamwalira monga mwa temberero lija, ana ake anabwera ku Hastinapura nakulira pamodzi ndi Akaurava, ndipo onse anaphunzira zida kwa mphunzitsi mmodzi, Drona. Atakula, Arjuna anapambana mpikisano wa uta napatsidwa Draupadi, mwana wa mfumu ya ku Panchala. Pofika naye kunyumba, anyamatawo anauza mai ao kuti aone cimene abweretsa, ndipo Kunti, osaceuka, anawauza kuti agawane onse. Mau a mai sakanabwezedwa, motero Draupadi anakhala mkazi wa onse asanu.

Tsiku limene akulu anakhala cete

Dziko linagawidwa pawiri, ndipo Apandava anamanga mzinda wao wokongola, Indraprastha, umene anthu amati unali pamene pali Delhi. Duryodhana anadwala nayo nsanje. Amalume ake, Shakuni, amene anayenera kumlangiza, ndiwo anamuonetsa njira yoipa: kuitana Yudhishthira ku njuga. Vidura anacenjeza mfumu kuti masewerawo adzapasula banja, koma mau a akulu akoma akagonera. Yudhishthira, munthu wosanama ndi wofatsa, anali ndi cofooka cimodzi: anali atadziikira lamulo lakuti akaitanidwa sakana. Anachova cuma cake, dziko lake, abale ake anai, kenaka iye mwini, ndipo potsiriza Draupadi. Zonse zinapita.

Dushasana, mng'ono wake wa Duryodhana, anakokera Draupadi kubwalo atamgwira tsitsi. Mkaziyo sanangolira ai. Anafunsa bwalo lonse ngati munthu amene wadzichova kale yekha nakhala kapolo angakhalenso ndi mphamvu yochova mkazi wake. Pabwalopo panali Bhishma, panali Drona, panali mfumu. Ahindu ali ndi liu lakuti dharma, lophatikiza cilungamo, udindo ndi khalidwe loyenera munthu aliyense. Bhishma anangoyankha kuti nkhani za dharma nzobvuta kuzimasula, nakhala pansi. Amene anatsutsa poyera anali awiri okha: Vidura, mwana wa mdzakazi, ndi Vikarna, mmodzi wa ang'ono ake a Duryodhana yemwe. Dushasana anayesa kumbvula Draupadi nsalu, koma nsaluyo inangoonjezeka kufikira iye anatopa. Ahindu ambiri amati anampulumutsa ndi Krishna, amene timumve tsopano lino.

Makolo athu anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tsiku limenelo dambo linauma. Bhishma, amene anasunga lumbiro lake zaka zonsezo, anadziona womangika ku mpando wa Hastinapura, ndipo sanatambasule dzanja kuteteza mkazi wocitidwa cipongwe pamaso pake. Mfumu itacita mantha inabwezera Apandava ufulu wao, koma anaitanidwanso ku njuga, nagonjanso, ndipo anapirikitsidwa zaka 12 kunkhalango ndi caka cimodzi ca kubisala.

Mulungu woyendetsa gareta

Krishna anali mtsogoleri wa mtundu wa Ayadava ndi msuweni wa Apandava, pakuti Kunti anali mlongo wa atate ake. Ahindu amakhulupirira kuti iye ndi mulungu Vishnu atabadwa monga munthu. Zaka 13 zitatha anapita ku Hastinapura kukapempha mtendere. Apandava anali okonzeka kulandira midzi isanu yokha, koma Duryodhana anakana kupereka ngakhale kadothi. Krishna anali atanena kuti sadzagwira cida pankhondoyo. Asilikali ake anapita kwa Duryodhana, ndipo iye anakhala woyendetsa gareta la Arjuna.

M'mawa wa tsiku loyamba Arjuna anayang'ana kutsidya naona agogo ake Bhishma, aphunzitsi ake Drona ndi abale ake. Mtima unamsweka, naika uta pansi. Zimene Krishna anamuuza pamenepo ndizo Bhagavad Gita, mavesi 700 opezeka m'buku lacisanu ndi cimodzi. Anamphunzitsa kuti mzimu sufa pamodzi ndi thupi, ndi kuti munthu acite udindo wake popanda kuumirira mphotho. Mahatma Gandhi, amene anatsogolera India ku ufulu wa mu 1947 popanda zida, anali kuwerenga Gita masiku onse, ndipo anati nkhondo yake ndi ija imacitika mumtima mwa munthu pakati pa cabwino ndi coipa.

Koma taonani kusiyana kwa Krishna ndi Bhishma. Tsiku lacitatu, poona kuti Bhishma akutha asilikali pamene Arjuna akumenya monyinyirika, Krishna anatumpha m'gareta atanyamula cida, wokonzeka kuswa lonjezo lake, kufikira Arjuna anamgwira. Bhishma anaika mau ake pamwamba pa cilungamo, pamene Krishna anaika cilungamo pamwamba pa mau ake. Bhishma anagwa tsiku lakhumi, thupi lake litadzaza mibvi kotero kuti silinakhudze pansi. Anagona pa mibviyo kudikira dzuwa kuti litembenukire kumpoto, ndipo nkhondo itatha anaphunzitsa Yudhishthira za ufumu asanalole imfa kumtenga.

Bodza laling'ono ndi lonjezo lalikulu

Bhishma atagwa, Drona anatsogolera Akaurava, ndipo panalibe womgonjetsa. Krishna anapereka uphungu wakuti auzidwe kuti mwana wake Ashvatthama wafa. Bhima anapha njobvu ya dzina lomwelo nalengeza. Drona sanakhulupirire, nafunsa Yudhishthira, podziwa kuti sanama. Yudhishthira anabvomera mokweza kuti Ashvatthama wafa, naonjeza monong'ona kuti akunena njobvu. Drona anataya zida naphedwa tsiku la 15. Ndakatulo imati gareta la Yudhishthira, limene kale linali kuyenda m'mwamba pang'ono osakhudza nthaka, linatsika nthawi yomweyo nilifanana ndi magareta ena.

Nanga Karna, mwana wa m'dengu uja? Anthu anali kumnyoza kuti ndi mwana wa woyendetsa gareta, koma Duryodhana anamlemekeza nampatsa ufumu wa Anga, ndipo Karna analumbira kukhala bwenzi lake mpaka imfa. Analinso ndi lamulo lakuti wopempha sabwerera cimanjamanja, kotero kuti Indra, pofuna kuteteza mwana wake Arjuna, anadza ngati wopemphapempha namlanda cobvala cija ndi ndolo. Nkhondo ili pafupi, Krishna ndi Kunti anamuululira kuti iye ndiye mkulu wa Apandava. Karna anakana kusiya bwenzi lake, koma analonjeza mai wake kuti sadzapha mwana wao wina kupatula Arjuna. Analisunga lonjezolo. Tsiku la 17 gudumu la gareta lake linatitimira m'nthaka, ndipo pamene anali kulizula, Krishna anamkumbutsa kuti iyenso ananyoza Draupadi pabwalo paja, nauza Arjuna kuti aponye. Arjuna anapha mkulu wake osadziwa.

Mapeto

Tsiku la 18 Duryodhana anagwa. Apandava anapambana, koma panalibe wobvina. Ana 100 a Gandhari anatha, ndipo ana asanu a Draupadi anaphedwa usiku ali m'tulo. Gandhari anaima pakati pa mitembo natemberera Krishna kuti, popeza anali ndi mphamvu yoletsa nkhondo koma sanailetse, patapita zaka 36 mtundu wake udzaphana wokhawokha. Krishna, ngakhale anali mulungu, analandira mau a mai wolirayo, ndipo zinacitikadi. Iye mwini anafera m'nkhalango, mlenje atamlasa kuphazi pomuyesa nyama.

Atamva za imfayo, Apandava ndi Draupadi anasiya ufumu nayamba kukwera mapiri a Himalaya, galu wina akuwatsata. Anagwa mmodzimmodzi, natsala Yudhishthira ndi galuyo. Indra anadza ndi gareta kudzamtenga, koma anati galu atsale. Yudhishthira anakana kumwamba m'malo motaya nyama yomkhulupirira. Pomwepo galuyo anasandulika Dharma, atate ake, amene anali kumuyesa. Komabe mlandu suola: asanalowe m'cimwemwe anaonetsedwa kanthawi malo a mazunzo, cifukwa ca mau aja ananong'oneza Drona.

Ana inu, mwaona kuti m'nkhani iyi palibe amene anatuluka wopanda banga, kaya rishi, kaya ngwazi, kaya mulungu. Aliyense anamangidwa ndi zotuluka pakamwa pake. Kindama anatemberera ali ndi mkwiyo, Kunti analankhula asanaceuke, Bhishma ndi Karna analumbira asanadziwe kumene lumbiro lidzawafikitse. Ife timati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Conco yezani mau anu musanawatulutse, ndipo mukalonjeza sungani. Koma kumbukiraninso bwalo la njuga lija. Mnzanu akamazunzidwa pamaso panu, musabisale kumbuyo kwa ubwenzi kapena lonjezo. Vikarna anali wamng'ono, koma analankhula pamene akulu anaweramitsa mitu.

Aphunzitsi, kambiranani ndi ana mafunso awa. Coyamba, kodi Bhishma anacita bwino kukana pamene Satyavati anampempha kumasula lumbiro lake? Caciwiri, kodi zimene Yudhishthira anauza Drona zinali zoona kapena bodza? Cacitatu, mukanakhala Karna, mukanasankha mai ndi abale anu, kapena bwenzi limene linakulemekezani pamene ena anali kukunyozani? Musafulumire kupereka yankho lanu. Alekeni ana atsutsane. Ana a magiredi apamwamba ajambule mtengo wa banja kuyambira pa Shantanu kufikira pa Apandava ndi Akaurava, ndipo aang'ono acite sewero la Yudhishthira ndi galu wake. Ngati m'kalasi mwanu muli mwana wacihindu, mpempheni mwaulemu asimbe monga anamvera kwao.

Kufikira tidzakumanenso m'phunziro lotsatira, tsalani bwino nonse.